Zidendene zang'ambika mpaka kutuluka magazi, ukwati uli pafupi: ndipange bwanji?

Mayi wina watitumizira uthenga uwu:

"Adokotala, ine ndi mayi wa zaka 38, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lunzu. Vuto langa ndi mapazi. Zidendene zanga zili ndi ming'alu yoti pena imatuluka magazi, ndikaponda pansi m'mawa ululu wake ngati ndaponda botolo losweka. Usiku zimakola bulangete, bambo akunyumba amachita kundiseka kuti ndikuwakanda ndi zikang'a. Ndimakwecha pamwala daily, Loweruka ndimapala ndi lezala, glycerine ndadzola mabotolo kaya angati koma pakangotha masiku atatu zabwereranso. Pakati pa zala ziwiri zakumapetozi pamayabwanso, payera ngati panyowa. Mng'ono wanga akukwatiwa mu Okutobala nde ndikufuna ndidzavale nsapato zoonetsa phazi ngati anzanga. Mayi anga ali ndi shuga, kodi nanenso yandipeza? Ndithandizeni."

Pepani mayi ndi ululuwo, koma khazikani mtima pansi. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikuona anthu a mavuto a pakhungu, ikangofika Julayi mpakana mvula yoyamba timadziwiratu kuti sizoni ya zidendene yakwana, amabwera amayi a pamsika, aphunzitsi, alonda, a kabaza, ngakhale mabwana oti nsapato yake yonyezimira koma akavula sokosi mumangoti aaa bwana. Nde musadzione ngati ndinu auve ayi. Ndipotu mmene mwafotokozeramu, vuto lanu si kusasamba, mukuchita kuonjeza kusamalako. Miyezi iwiri yomwe yatsalayi ndiyokwana bwinobwino bola musinthe zingapo.

Ndiyambe ndi chomwe chimang'ambitsa. Khungu la pansi pa phazi ndi losiyana ndi la kumaso kapena pamkono, lilibe tizigawo topanga mafuta olo pang'ono, lili ndi totulutsa thukuta basi, ndipo n'tambiri zedi. Nde kukakhala kouma ngati miyezi ya mwera ino, fumbi lili kobo, phazi limauma msanga kuposa pena paliponse. Tsono inu mumakhala choimirira kuyambira mamawa mpaka dzuwa kulowa, thupi lonse litatsamira pa chidendene. Mkati mwa chidendene muli kamtsamiro ka mafuta, mukaponda kamaphwatalala kupita m'mbali. Inu ndi a tomato, mukudziwa zomwe zimachitika kasitomala akadinikiza tomato pabenchi, amaphulikira m'mbali eti? Chidendene chimodzimodzi. Khungu likakhala lofewa limatamuka n'kubwerera, koma likakhala lokhuthala ndi louma silitamuka, limangong'ambika. Ndipo ngati mumavala masilipasi, zomwe ndikukhulupirira kuti ndi zomwe mumavala pamsikapo, palibe chogwira chidendenecho kumbuyo ndi m'mbali, chimangophwatalala mmene chafunira, fumbi n'kumalowa m'ming'alumo.

Lezala ija itayeni lero lomwe. Ndikunenetsa. Khungu lili ndi nzeru zake, mukamalipala kwambiri limaona ngati lili pankhondo nde limadziteteza pokhuthala kuposa kale, ngati mmene manja a munthu wolima amalimbira chifukwa cha mpini. N'chifukwa chake mukuti pakatha masiku atatu zabwereranso. Kukwecha pamwala tsiku ndi tsiku mpaka phazi kufiira ndi vuto lomwelo. Komanso lezala siona malire, mumadula mpaka pa mnofu wamoyo osadziwa, ndipo ambiri lezala yake ndi yomwe bambo ametera ndevu, mwana wawengera zikhadabo, yakhala pawindo mpaka dzimbiri. Ine zomwe ndaziona ndi maso angawa ndi zambiri. Kunabwera bambo wina mlimi wa fodya atasoka mng'alu ndi singano ndi ulusi wakuda ngati akusoka thumba, mastitchi anayi abwinobwino, akuti agogo awo ankatero. Phazi linali litatupa mpaka mu akakolo, mwanabele ali m'mphechepeche, kuyenda ndi ndodo. Ena amadonthezera kandulo yosungunuka, ena super glue, ena oyilo wakuda wa galimoto, ena brake fluid, wina anachita kuviika mapazi mu Jik. Zonsezi zimaotcha khungu kapena kutsekera dothi ndi majeremusi mkati, ndipo chilonda cha kuphazi chokhala ndi dothi ndi njira imodzi yomwe kafumbata amalowera.

Nde mupange chonchi, ndipo nthawi yake yabwino ndi usiku mukamaliza zonse, osati m'mawa pomwe mukuthamangira kukapikula. Thirani madzi ofunda m'beseni, ofunda osati otentha, n'kuviika mapazi mphindi 10, zikachuluka 15. Musapitirire apo poganiza kuti afewa kwambiri, mapazi akakhalitsa m'madzi amachita makwinya ndipo akauma amauma kuposa poyamba. Sopo wake akhale wosambira wamba, osati wa ufa wochapira zovala uja, ameneyu amachotsa mafuta onse pakhungu. Mukatero tengani kamwala kosalala kapena chija chopalira mapazi amagulitsa m'mashopu a zodzoladzola, n'kukwecha pang'onopang'ono m'mbali mwa ming'alumo pomwe pali khungu loyera lokhuthala, kamphindi kamodzi kapena kawiri phazi lililonse basi. Kukwechaku kawiri kapena katatu pa sabata, osati daily. Mukamva kuwawa kapena mwaona kuti payamba kufiira ndiye kuti mwapyola. Masiku enawo kungosambitsa ndi chinkhupule kwakwana. Kamwalako kakhale kanu nokha, mukamaliza katsukeni n'kukayanika, mwala uja wa kubafa womwe aliyense wa pa plot amakhulapo phazi ndi umene umagawa mafangasi.

Mukatuluka m'madzimo pukutani, makamaka pakati pa zala pauma gwa, koma chidendene chisachite kuumiratu. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Mafuta amagwira ntchito akapakidwa khungu likadali ndi kachinyezi, mphindi ziwiri zitatu zisanathe, chifukwa ntchito yake ndi kutsekera madzi aja mkati. Kupaka vaselini pa phazi louma la fumbi masana ndi kungowononga ndalama. Glycerine wanu uja si woipa, iye amakoka madzi, koma payekha alibe chotsekera nde amangomata n'kumaitana fumbi. Muziyamba ndi glycerine wosakaniza ndi timadzi pang'ono m'manja, kenako pamwamba pake vaselini wambiri ndithu, wochita kuoneka, n'kuvala masokosi a kotoni n'kugona nawo. Olo masokosi akale a bambo omwe amakusekaniwo, muwalande. Pakati pa zala musapakepo mafuta alionse.

Ngati bajeti ikulola pitani ku pharmacy mukafunse kirimu wa zidendene wokhala ndi urea, muwerenge pa chubupo, wa 25% ndi amene amagwira bwino pa khungu lokhuthala ngati lanuli, wa 10% ndi wongosamalira zikapola. Urea amafewetsa khungu lakufalo kuti lizichoka lokha popanda lezala. Mumapaka kawiri pa tsiku, m'mawa ndi usiku, ndipo ambiri sabata ziwiri zisanathe amayamba kuona kusintha. Koma pa mng'alu womwe uli ndi magazi amaluma koopsa nde pamenepo muzilambalala kaye. Mukapanda kumupeza kapena mtengo ukakhala wolasa musadandaule, vaselini ndi sokosi usiku uliwonse osadumphitsa zimagwira, zimangochedwerapo. Ndaona amayi ambiri atachira ndi Blue Seal yemweyu, pomwe ena anagula makirimu odula n'kupaka masiku anayi n'kuiwala.

Ming'alu yomwe ikutuluka magaziyo muitenge ngati chilonda. Wiritsani madzi theka la lita, thiranimo mchere kasupuni kamodzi ka tiyi, akazizira tsukani nawo mpaka dothi lonse lakuda lija lichoke, pukutani, pakani ayodini ngati muli naye, kenako kanikizani mbali ziwiri za mng'aluwo kuti zikumane n'kumata pulasitala mopingasa. Pulasitalayo amaletsa kuti usamatseguke mukaponda, ndipo ululu wa m'mawa uja umachepa tsiku lomwelo. Muzisintha tsiku lililonse. Masiku amenewo kuviika mapazi muyambe mwasiya kaye mpaka patseke. Jakisoni wa kafumbata ngati munabayitsa komaliza kusikelo zaka zambiri zapitazo, mukapita kuchipatala mukawakumbutse.

Koma ndikuuzeni zoona, zonsezi mukhoza kuchita bwinobwino, mukabwerera m'masilipasi opyapyala aja tsiku lonse ndiye kuti mukutunga madzi ndi dengu. Pamsika muzivala nsapato yotseka kumbuyo, ya soli yokhuthalako ndi yofewa, ma sneaker a pa kaunjika omwewa ndi abwino kwabasi, ndi sokosi. Ndikudziwa muziti kukutentha, komanso anzanu aziti mwayamba ujeni, asiyeni. Pezaninso kampando kapena kreti muzikhalako pomwe kulibe kasitomala, ndipo pomwe mumaimapo ngati ndi pa simenti yalani katoni kapena chiguduli. Kunyumba osayenda chopanda nsapato pabwalo. China chomwe amayi ambiri sachiganizira ndi tsiku lochapa, mumaima ola lathunthu m'thovu la sopo wa ufa lomwe likuyenderera pansi, mukamaliza n'kukolopanso m'nyumba ndi madzi omwewo opanda nsapato. Mukatha kuchapa muzitsukuluza mapazi ndi madzi oyera n'kupaka mafuta pompo.

Tsopano za pakati pa zalazo. Kuyabwa, kuyera ngati panyowa, pena kusupuka kapena kung'ambika, makamaka pakati pa kachala komaliza ndi kinzake, amenewo kawirikawiri amakhala mafangasi. Amakonda pamenepo chifukwa zala zake ndi zothithikana, mphepo sipita. Mankhwala ake ndi kirimu wa clotrimazole kapena miconazole, kawiri pa tsiku kwa masabata anayi, ndipo kuyabwa kukasiya pa tsiku lachisanu musasiye, fangasi amakhala akadalipo wangogona. Wa terbinafine amachita changu, sabata imodzi kapena ziwiri, koma ndi wodulirapo. Whitfield's uja wa kalekale amagwiranso makamaka pa khungu lokhuthala, kungoti pamalo osupuka amawawa. Chomwe ndikuchenjezeni kwambiri ndi timachubu tija amagulitsa pamsika ndi m'maokala toti timachiza chilichonse, tomwe ena amayeretsera nkhope. Werengani, mukaona palembedwa betamethasone kapena clobetasol tisiyeni. Timaziziritsa kuyabwa tsiku lomwelo nde munthu umaona ngati wapeza mankhwala enieni, koma fangasiyo ndi pomwe amasangalala n'kufalikira, khungu n'kupyapyala.

Ndipo mwina fangasi yemweyo ndi amene akukanitsa zidendenezo kupola. Pali mtundu wina woti suyabwa kwenikweni, umangoumitsa pansi pa phazi ponse n'kumaoneka ngati mwaponda mu ufa, timamba toyera totsatira mizere ya khungu mpaka m'mbali mwa phazi. Anthu amadzola mafuta zaka ndi zaka osadziwa. Nde inu popeza pakati pa zala alipo kale, kirimu wa mafangasiyo muzipaka phazi lonse mpaka kuchidendene, adikire alowe kaye, mafuta pambuyo. Mukaonanso zikhadabo zakhuthala, zachita chikasu kapena zikufumbutuka, pamenepo kirimu safika, pamafunika mapiritsi omwa pafupifupi miyezi itatu ndipo amenewo akulembereni ndi a chipatala chifukwa amafuna kusamala chiwindi, musakagule mwa inu nokha.

Poti ndakuuzani kuti muzivala nsapato zotseka, ndisakusiyeni ndi vuto lina la fungo. Thukuta palokha silinunkha, chimanunkha ndi mabakiteriya omwe amadya thukutalo ndi khungu lakufa mu nsapato yonyowa. Sokosi imodzi tsiku limodzi, ya kotoni osati nayiloni, ichapidwe n'kuuma padzuwa. Nsapato zikhale ziwiri zosinthanasinthana kuti ina izipuma tsiku lathunthu, muzichotsa kansoli kamkati n'kuyanika. Soda yemweyu wothira mu therere mukawaza pang'ono mu nsapato usiku n'kukutumula m'mawa amathandiza. Za pa kaunjika zichapeni kaye ndi kuziyanika masiku awiri musanavale, simudziwa mwini wake anali ndi phazi lotani. Nsapato za pulasitiki ndi majombo tsiku lonse ndi zomwe zimaweta mafangasi.

Zikhadabo muziwenga mukangochoka m'madzi zikadali zofewa, ndi nail cutter, modula mowongoka osati mozungulira, ndipo m'makona musamakolokosemo. Chala chachikulu chikayamba kulowa chikhadabo mu mnofu nthawi zambiri ndi chifukwa chodula mokhotetsa ndi kufupikitsa kwambiri, kuphatikiza nsapato yothina kutsogolo. Chikhadabo cha kuphazi chimakula mochedwa, kamilimita kamodzi ndi theka pa mwezi, chikazuka chimatenga chaka kapena chaka ndi theka kuti chibwerere, nde musamachiseweretse. Za ku saluni sindikuletsani, ukwati ndi ukwati, koma muonetsetse kuti zida akuzitsuka ndi kuziviika m'mankhwala, bola kunyamula zanu, ndipo akatulutsa kaja kokhala ndi lezala kopalira chidendene mukane. Cutex pakani sabata ya ukwatiyo, ikatha mufufute zikhadabo zipumeko.

Funso lanu la shuga ndi lomwe ndalitenga mwamphamvu kuposa onse. Ming'alu payokha sikutanthauza kuti muli ndi shuga, anthu ambirimbiri ali nayo shuga alibe. Koma mayi anu ali nayo, inu muli ndi zaka 38, khungu louma ndi mafangasi osamva mankhwala zimakonda anthu a shuga, nde kukayezetsa n'kofunika, osazengereza, sabata ino. Ndi kubaya kachala basi, mphindi imodzi, pa chipatala cha boma kapena ku pharmacy zambiri amayeza. Mupite m'mawa musanadye kanthu. Ikapezeka 7 kapena kuposa apo, pa makina ena amalemba 126, adzakuuzani mubwerenso kuti atsimikize. Ngati mumamva ludzu pafupipafupi, kukodza kangapo usiku, kuonda osadziwa chifukwa, kapena mapazi kuchita dzanzi, kuotcha, kunyerenyetsa ngati mukuyenda nyerere, mukawauze zonsezo.

Shuga ikapezeka, malangizo ena ndakupatsani pamwambapa asintha, ndipo izi mukawauzenso mayi anu. Shuga imapha mitsempha ya kumapazi pang'onopang'ono mpaka munthu samva kuwawa, komanso magazi safika bwino nde kachilonda kakang'ono sikapola. Munthu wa shuga saviika mapazi, amangosambitsa n'kupukuta. Madzi amayesa ndi chigongono osati phazi. Sayandikiza mapazi pa mbaula olo kuzizire bwanji, ndinalandirapo agogo ena mu Juni atapsa zala zitatu akuotha moto, anadziwa ndi mdzukulu atamva fungo, iwo osamva kalikonse. Lezala, Whitfield's ndi mankhwala ena aliwonse odya khungu ndi zoletsedwa, ngakhale kamwala kaja afunse kaye ku kiliniki. Tsiku lililonse aziyang'ana pansi pa phazi ndi kagalasi kapena wina awaonere, ndipo asanavale nsapato azipisamo dzanja, kamwala kapena kamsomali kakhoza kukhalamo tsiku lonse osakamva. Miyendo yambiri yomwe imadulidwa m'zipatala zathu zikuluzikulu inayamba ndi kanthu kochepa ngati thuza la nsapato yatsopano. Dzanzi la kumapazi silibwera ndi shuga yokha, mankhwala a TB a isoniazid amachititsanso, n'chifukwa chake amaperekera limodzi ndi vitamini wa pyridoxine, mowa wambiri nawonso, ngakhale khate lomwe anthu amaganiza kuti linatha.

Pali zina zoti mukaziona musadikire kuti vaselini agwire ntchito. Mng'alu ukayamba kutuluka mafinya kapena fungo, phazi likatupa, kutentha ndi kufiira kapena kuda mokwera kumwendo, mwanabele, kutentha thupi, pitani tsiku lomwelo. Chilonda chilichonse chomwe chatha masabata awiri osapola, chimodzimodzi. Mapazi onse awiri akamatupa moti mukadina chala pamatsala kadzenje, imeneyo si nkhani ya khungu, akaone BP, mtima ndi impso, ndipo kwa mayi woyembekezera ndi changu. Kadontho koyera kokhala ndi kakuda pakati m'mbali mwa chikhadabo, koyabwa, makamaka kwa ana, kawirikawiri ndi thekenya, musatulutse ndi minga kapena pini yobwerekana. Komanso banga lakuda pansi pa phazi kapena mzere wakuda pachikhadabo womwe ukukula, kusintha maonekedwe kapena kutuluka magazi, kaonetseni. Ife akhungu lakuda khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma imakonda malo amenewa, Bob Marley inamuyamba pa chala cha kuphazi anthu n'kumati ndi bala la mpira, anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha. Sindikukuopsezani, zanuzi sizikumveka choncho, koma poti muziyang'ana mapazi usiku uliwonse ndi bwino mudziwe. Ndipo mukachita zonse ndanenazi kwa mwezi wathunthu osaona kusintha, pemphani akutumizeni ku kiliniki ya khungu, inu muli pafupi ndi chipatala cha Queens, chifukwa pali matenda ena ngati psoriasis ndi chikanga omwe amang'ambanso mapazi ndipo mankhwala ake ndi ena.

Za ukwatizo, mmene ndikuonera sabata yoyamba ululu uchepa, pofika sabata yachitatu ming'alu ikuluikulu ikhala itatseka, ikamatha Seputembala chidendene chikhala choti mutha kuchionetsa pagulu. Nsapato ya ukwatiyo mukagule madzulo mutachoka pamsika, nthawi imeneyo phazi limakhala litafufumako nde saizi yake ndi yoona, muyese zonse ziwiri ndipo muziivala m'nyumba kamphindi tsiku lililonse kwa sabata kuti isadzakutulutseni matuza pa perekaniperekani. M'kachikwama mudzaikemo mapulasitala awiri ndi nsapato ya fulati yovinira. Usiku wake mukafika kunyumba olo mutatopa bwanji, beseni, vaselini, sokosi. Mukayezetsa shuga ija mundilemberenso mundiuze kuti yapezeka zingati.